Buku la makalata a John ndi Abigail Adams lija, patha miyezi 8 tsopano

Ndi buku la makalata omwe John Adams, pulezidenti wachiwiri wa dziko la America, ankalemberana ndi mkazi wake Abigail. Nditangoligula pa mulu wa mabuku akale ndinati ndi lotopetsa, kaya nkhani za mitengo ya zinthu, kaya matenda, basi. Pano mawu aja ndawabweza.

Chomwe chinandisokoneza poyamba ndi mayina abale. John bambo ake ndi John, mwana wake ndi John Quincy. Abigail mwana wake wamkazi ndi Abigail, bola kuti ankamutchula Nabby. Ndiye pali Samuel Adams amene ndinkaganiza kuti ndi mchimwene wake wa John, koma ayi ndi wachibale chabe, amakumana pa agogo a makolo awo. Ndinachita kutenga pepala nkujambula mtundu wonse kuyambira Henry Adams amene anachoka ku England nkukhazikika ku Braintree ku America cha m'ma 1630, nkulimata mkati mwa chikuto. Ndi pomwe buku linayamba kukoma. Dzina loti Quincy ndi la kuchikazi, agogo ake a Abigail, zimenezo ndinazizindikira mochedwa zedi.

Awiriwa anakwatirana mu 1764 ndipo makalata awo omwe alipo amapitilira 1,100, bukuli langosankhamo ena. Aliyense amathamangira kalata ya pa 31 March 1776 imene Abigail amauza mwamuna wake kuti pokonza malamulo atsopano asaiwale amayi, John nkuyankha mwachipongwe ngati ndi nthabwala. Ndiyabwino inde koma ine zomwe ndimabwerezabwereza ndi za mu July chaka chomwecho, bambo ali ku Philadelphia busy ndi za ufulu wa dziko mpaka kulemba kuti tsiku lomwe anthu azidzakondwerera ndi 2 July (anaphonya ndi masiku awiri, amakondwerera pa 4 July kkkk), pamene mayi watenga ana onse kupita nawo ku Boston kukawatemera nthomba, katemera wa nthawi imeneyo woti amakuika matenda enieniwo pakhungu nkudikira kuti upola kapena ayi. Chaka chotsatira mwana wawo wamkazi anabadwa atamwalira kale, bambo kulibe, anamva pa kalata. Pa pepala langa lija ndi kamzere kamodzi chabe, Elizabeth 1777, koma utawerenga makalata a masabata amenewo sungakaone chimodzimodzi. Mwana wawo wina Charles nayenso, 1770 mpaka 1800, mowa unamuwononga.

Zodandaula zilipo. Chizungu chake ndi chakalekale, masipelo osokonekera, masiku ena ndimawerenga tsamba limodzi nkugona. Chikuto chinayamba kumatuka mwezi wachitatu ndinachita kumata ndi selotepi, koma poti linali logwiritsidwa kale ntchito sindikuloza munthu chala. Komanso awiriwa akakhala pamodzi makalata kulibe, ndiye zaka zina zimangodutsa zii, monga Abigail atamutsatira ku Ulaya mu 1784.

Mukaligula yambani ndi pepala la mtundu lija musanatsegule kalata yoyamba. Langa ndalijambula kachitatu tsopano, ana a John Quincy sanakwanepo.