Mpando wa chimbudzi wa matayala wandipulumutsa msana, koma mabuleki ake ndi ofooka

Mpandowu ndinagula m'sitolo ina ya zipangizo za kuchipatala ku Limbe, mayi anga atafa ziwalo mbali yakumanja chifukwa cha sitiroko. Ndi wachitsulo, wa matayala anayi ang'onoang'ono. Pokhalira pali chiboo, pansi pake pamalowa kandowa ka pulasitiki kokhala ndi chivindikiro. Unandidyera pafupifupi theka la malipiro a pamwezi, koma ndikanagulanso.

Kwathu ku Bangwe chimbudzi ndi chokumba, kuseri kwa nyumba. Poyamba ndinkawabereka mayi usiku, foni nditaluma pakamwa kuti tochi iunikire njira. M'mawa ndinkafika kuntchito msana uli wengwengwe, maso ali psuu, n'kumawodzera pakauntala makasitomala akuona. Masiku 18 a tchuthi cha pachaka amene lamulo la ntchito limapereka kwa ife ogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata anathera pamzere kuchipatala. Tchuthi chodwala n'cha wantchito akadwala yekha, osati iwe wodwazika kholo. Achimwene ku Johannesburg amatumiza ndalama, ndimathokoza, koma ndalama sizitembenuza munthu pabedi.

Chimene ndaukondera kwambiri ndi zogwirira zam'mbali, zimatsika. Ndimauyandikiza kubedi, kutsitsa mbali imodzi, mayi n'kugwira phewa langa ndi dzanja lamanzere, kusendera pang'onopang'ono mpaka kukhala. Palibenso kunyamula. Akakhazikika amati, "Tuluka kaye mwanangu, ndikuitana." Munthu amene anandilera, amene ankalira ndi manyazi ndikamawagwirira m'chimbudzi, tsopano amatsekeredwa chitseko ngati munthu wamkulu aliyense. Kusamba ndimawasambitsiranso pomwepo, kandowa nditachotsa.

Mabuleki ndiye vuto. Pasimenti yopaka polishi mpando umaterereka ngakhale mwatseka, moti ndimatchinga tayala ndi njerwa. Kwa munthu wofa ziwalo zimenezi n'zoopsa, opanga anayenera kuganizapo. Kandowa nako n'kopyapyala, kanang'aluka msanga ndipo kena kolowa bwino kanavuta kupeza. Molumikizira zitsulo mwayamba dzimbiri, choncho muziupukuta uume mukatha kusambitsa. Panja padothi matayalawa sayenda, musaganize kuti mupita nawo kutchalitchi.

Musanagule, yezani chitseko cha kuchipinda, funsaninso kuti mpandowo umanyamula makilogalamu angati. Pemphaninso a fizio, akatswiri othandiza odwala kulimbitsa ziwalo, monga a ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre, akuonetseni kasunthidwe ka wodwala, chifukwa msana wanu ukathyoka odwala akhala awiri m'nyumbamo.

Usiku tsopano ndimagonako, ndipo ntchito sindinasiye. Masana mayi amakhala ndi mng'ono wanga, amene anatseka benchi yake ya tomato kumsika kuti ine ndizipita kuntchito. Pa zimene ndimalandira timagawana, ngakhale sizifika pa zomwe ankapeza yekha.