Miyezi 9 chimatitsireni mano awiri cha m'nkhama

Mwezi wa June chaka chatha ndinakamatitsa mano awiri, pano yakwana miyezi 9, ndiye ndati ndinene mmene zayendera chifukwa anzanga kuntchito amangondifunsa kuti kodi zimalimba izi kapena nkutaya ndalama chabe. Anga sanali mabowo a pamwamba potafunira aja ayi, anali penipeni pamene dzino limakumana ndi nkhama, dzino losongoka lakumwamba kumanzere ndi linzake lakumbuyo kwake. Panali patakumbika kamzere ngati wina wasema ndi mpeni, ukapititsapo chikhadabo chimakodwa. Kuzizira kwa June muno mu Lusaka mukukudziwa, m'mawa podikira basi pa Chelstone ndimachita kufunditsa pakamwa ndi sikafu chifukwa kamphepo kakangolowa dzino limalasa mpaka m'diso.

Ine ndimati ndi shuga wa mu tiyi. Adokotala atayang'ana anandifunsa za mswachi, nditawauza kuti ndimagula wolimba uja, ndipo nthawi zina ndimapaka makala osinja ndi mchere monga ankachitira agogo ku Katete kuti mano ayere, anangopukusa mutu. Akuti pamalo amenewo chikuto cholimba cha dzino chimakhala chopyapyala, nkhama zikangobwerera pang'ono muzu umakhala pamtunda, ndipo muzuwo ndi wofewa, ndiye ukamakwecha cham'mbali ngati ukutsuka poto wa nsima umadyeka pang'onopang'ono. Poti ndine wa dzanja lamanja, mphamvu zonse zimathera kumanzere.

Dzino losongokalo limaoneka ndikaseka, ndiye anamata ndi composite, yoyera ija amaumitsa ndi kanyali ka buluu. Linalo anaika glass ionomer, imene ambirife timangoti simenti, chifukwa bowo lake linalowa pang'ono kunsi kwa nkhama kumene kumanyowanyowa. Composite sagwirizana ndi malovu kapena magazi pomata, pamene simentiyi imapirirako chinyontho komanso imatulutsa fluoride, mankhwala olimbitsa mano, pang'onopang'ono. Anandibaya jakisoni wa dzanzi, nkukankhira kaulusi pansi pa nkhama kuti zifutukeko, ola limodzi silinakwane ndinali panja mlomo uli lende.

Masabata awiri oyamba ndinasangalala zedi, madzi a mu fuliji ndimamwa bwinobwino osachita tsinya. Zinayamba sabata yachitatu. Nkhama za pa dzino la composite zinafiira nkutupa kakang'ono, ndikatsuka mano thovu limatuluka la pinki, ndikaluma buledi pamatsala kadontho ka magazi. Kupweteka kwenikweni panalibe, nchifukwa chake ndinazengereza. Ndinachukucha madzi ofunda a mchere, kenako ndinagula mankhwala ochukucha a chlorhexidine ku kemisti, ndipo apa ndinapusa ndekha chifukwa amenewa ndi a sabata imodzi kapena ziwiri koma ine ndinapitiriza mwezi wathunthu, mano onse anachita bulauni, lilime lomwe, ndiwo zosamveka kukoma mpaka kunyumba ndinayamba kudandaula kuti mchere wachepa pomwe ena onse akuti uli bwino. Magazi amaleka masiku ochepa nkubwereranso.

Alamu anga a ku Mtendere atandiona anangoti, "Alamu, kazulitseni basi, dzino akaligwiragwira silimvanso." Kwathu timazolowera zimenezo, dzino likavuta nkuzula. Mwina ndikanawamvera pakanapanda mtsikana wina wa kuntchito amene anandipatsa floss, kaulusi kochotsera zakudya pakati pa mano, kuti ndiyese. Nditaipititsa pambali pa dzinolo inakodwa nkutuluka yothethekathetheka ngati chingwe cha saka, pomwe m'mano ena imadutsa bwino. Fungo lake la pa kaulusiko sindinena.

September ndinabwerera. Zinapezeka kuti composite inatsala yotulukira pang'ono m'mphepete, ngati kakhonde, moti zakudya ndi litsiro loterera la m'mano lija zimabisala pansi pake pamene mswachi sufika, litsirolo linauma nkusanduka kamwala, nkhama nkumangokwiya. Anapala kamwalako, kenako anasalaza m'mphepetemo ndi timadisiki ndi tinsalu topyapyala tokhakhala, opanda jakisoni, mphindi mwina khumi. Pasanathe masabata awiri magazi analeka ndipo mpaka lero sanabwerere. Kunena zoona zinandinyansako, ntchito yaing'ono chonchi bwenzi ataimalizira tsiku loyamba lomwe lija, munthu wa ntchito yake amayenera kupititsapo floss wodwala asanadzuke pampando. Komanso ine miyezi iwiri yonse ndimangolavula magazi ndili phee, ndimaopa kuti andilipiritsanso. Sanandilipiritse kusalazako, ndinalipira kupala kokha.

Mmene zilili pano. Composite ilipo, yosagwedera, koma m'mphepete mwake mwayamba kamzere kabulauni kopyapyala, ndikuganiza ndi tiyi poti ndimamwa makapu atatu pa tsiku, munthu sangakaone pokhapokha nditakweza mlomo. Simenti ija sinandivutitse nkhama olo tsiku limodzi, koma siyokongola, yachita mbuu ngati choko chakale ndipo ndikapititsapo lilime ndimamva kuti yalowa pang'ono, yadyeka. Ikanakhala kutsogolo sindikanaikonda. Pakati pa ziwirizi sindinganene kuti iyi ndiye yabwino, iliyonse anaiika pamalo pake, chimene chinandivutitsa ine ndi m'mphepete mosasalala.

Chimene chinandikhumudwitsa nchakuti nkhama zimene zinabwerera zija sizinamerenso. Ndimaganiza akamata zitsika nkuphimba, ayi, akuti zikapita zapita, ntchito nkuteteza zotsalazo. Ndiye dzino losongokalo limaoneka lalitaliko kuposa linzake la kumanja.

Nzimbe ndinasiya kusenda ndi mano. Chimanga chowotcha cha pa mbaula ndimachita kukonola ndi chala ngati nkhalamba, anzanga amandiseka. Nthawi ya mango mu December ndiye inali nkhondo, ulusi wa mango aang'onoang'ono a kumudzi aja umakakamira pomwepo pa nkhama, floss ndimayenda nayo mchikwama, ndipo musavutike kuifuna pa kantemba, imapezeka ku kemisti kapena Shoprite. Mswachi ndinasintha, ndimagula wofewa, wolembedwa soft, ndimaupendeketsa kuloza kunkhama nkumazunguza mofatsa. Mankhwala otsukira ndimayang'ana kumbuyo kwa chubu ngati alemba 1450 ppm, umene uli muyeso wa kuchuluka kwa fluoride, ndikatsuka ndimangolavula osachukucha madzi, izi zinanditengera nthawi kuzolowera. Ndikadya malalanje kapena kumwa zozizilitsa kukhosi ndimadikira kaye mphindi 30 ndisanatsuke, chifukwa asidi amafewetsa dzino.

Mwezi wamawa ndikukaonetsanso, makamaka simenti yadyekayo ngati ikufunika kuwonjezera pamwamba. Alamu aja anazulitsa lawo lakumbuyo mu January, pano akutafunira mbali imodzi ndipo akundifunsa kuti kumata ndi zingati.