Nazale ya pa Kamwendo ija, mbande ndi zabwino koma chachikulu ndinatolapo ndi nkhani ya masamba

Anzanga ambiri akhala akundifunsa komwe ndinagula mbande za mango zomezanitsa zija, ndiye ndati ndingolemba kamodzi basi. Ndi pa nazale ina kufupi ndi Kamwendo, mukamachokera ku Mchinji boma kulowera ku Lilongwe mumsewu wa M12, muona timachubu takuda tandandalikidwa pansi pa shedi ya udzu. Eni ake ndi bambo achikulire ndithu, sathamangira ndalama ayi, amayamba akufunsani kaye za munda wanu.

Ine ndinapita zaka zitatu zapitazo mvula itangoyamba, ndimafuna mango a mtundu wa Tommy Atkins ndi Kent komanso mapeyala pang'ono. Ndili mkati mosankha anangondifunsa kuti, "Mayi, masamba akayoyoka mumatani nawo?" Ndinati timasesa n'kuotcha, nanga si pakhomo pamafunika ukhondo. Anapukusa mutu n'kunditengera kuseri kwa shedi komwe kuli chimtengo cha mango chakalekale, anagwada n'kufukula ndi manja. Pamwamba masamba ouma, pakati akuda onyowa okhala ndi tiulusi toyera ta nkhungu, koma pansi penipeni sanalinso masamba, linali dothi lakuda lofewa lonunkhira ngati tsiku la mvula yoyamba, nyongolotsi zikulowa pansi, bongololo atadzipinda phee. Dothi la kwathu lamchenga lija silinaonekepo choncho chibadwire changa.

Mmene anandifotokozera, mizu imakoka chakudya pansi kwambiri komwe chimanga sichifika, chakudyacho chimakwera kupita m'masamba, ndiye masamba akagwa chiswe, bongololo ndi nyongolotsi zimawaduladula kenako nkhungu ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timamalizitsa, nayitrojeni, fosifolasi ndi potaziyamu, zomwe zija timalira nazo mtengo pa thumba la NPK, n'kubwereranso m'nthaka pang'onopang'ono mtengo womwewo n'kudyanso. Ukaotcha nayitrojeni amapita ndi utsi, umatsala ndi phulusa lokha lomwe mphepo ndi madzi zimatenga. Zinandiwawa mumtima nditakumbukira milu yomwe ndakhala ndikuyatsa madzulo alionse zaka zonsezi.

Anandiuzanso zoona kuti masamba a mango ndi ouma mtima, amachedwa kuola, ndiye anandigulitsa mbande za gilisidiya kuti ndizisadza nthambi zake n'kusakaniza, masamba ake ndi ofewa, ali ndi nayitrojeni wambiri ndipo saachedwa kuola. Za msangu analinso nazo, uja umayoyola masamba nthawi ya dzinja mitengo ina ikuphuka, koma anati umafuna kudekha chifukwa umakula mochedwa, ndinangotenga ziwiri.

Panopa pansi pa mango anga sindisesa. Mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo ukapisa dzanja pansi pa masamba umapeza pozizira, ndipo kuthirira ndinachepetsa. Apongozi anga poyamba ankadandaula kuti mwasandutsa pakhomo tchire muitana njoka, tinagwirizana kuti bwalo ndi njira tizisesa koma zinyalalazo tizikathira kumitengo ndi wilibala.

Zodandaula zilipo ziwiri. Mbande zawo saika chizindikiro chilichonse, amangozidziwa pamtima, moti umodzi womwe anati ndi Kent chaka chino wabereka mango a mtundu wina. Chachiwiri sanandichenjeze kuti masamba asagunde tsinde, ine ndinaunjika mpaka pathunthu penipeni, peyala limodzi linaola khungwa chiswe n'kulowerera mpaka linauma. Nditabwerera kukawauza anavomera kuti anaiwala kunena, anati ndizisiya mpata ngati chikhatho chimodzi kapena ziwiri kuzungulira tsinde, ndipo anandipatsa mbande ina ulere osakangana nane, zimenezi zinandikhudza kwambiri.

Ngati mukupita, pitani mvula ikangokhazikika mu Disembala mbande zabwino zisanathe, tengani katoni kapena beseni lanu chifukwa pa kabaza machubu amasweka, ndipo muwauze amange kachingwe kapena kapepala pa mtundu uliwonse inu mukuona. Mukafika apempheni akuonetseni pansi pa mtengo wa kuseri uja, mufukule nokha ndi dzanja lanu.