Mapointi, koilo yatsopano kapena kabokosi: kusankha moto ndi tchaji pa injini yotchetchera udzu

Mvula ya ku Mzuzu imayamba cha mu Novembala ndipo nthawi zambiri imakafika mu Epulo kapena Meyi, choncho ife amene timasamalira kapinga wa pa matchalitchi, pa sukulu ndi pa malo ogona alendo timadziwa kuti makina otchetchera udzu sapuma kwa theka la chaka. Nyengo yomweyo ndi imene injini zakale zimavuta kulira m'mawa, chifukwa chinyezi chimalowa paliponse pamene chitsulo chakhudzana ndi chinzake. Anzanga angapo a ku Katoto ndi ku Luwinga akhala akundifunsa ngati kuli bwino kusinthiratu zamagetsi zonse pa injini zawo, ndipo ndimayamba ndi kuwasiyanitsira zinthu ziwiri zimene ambiri amazisakaniza. Moto wa pa pulagi ndi tchaji ya batire n'zosiyana, ngakhale kuti zonse zimadalira maginito a fulaiwilo, gudumu lolemera limene limazungulira pamodzi ndi shafiti ya injini. Pa injini zambiri zazing'ono koilo ya moto, imene imapanga moto wa pa pulagi, imakhala kunja kwa fulaiwilo ndipo sifuna batire n'komwe, pamene stator, mawaya okulunga opanga magetsi otchajira batire, imabisala mkati mwake. Mukhoza kukonza chimodzi osakhudza chinacho.

Pa nkhani ya moto, amene ali ndi injini ya Briggs & Stratton yopangidwa chisanafike chaka cha 1982 ali ndi njira zitatu. Yoyamba ndi kusunga mapointi (tizitsulo tiwiri totsegula ndi kutseka moto) ndi kondensa (kachipangizo koteteza mapointi kuti asapse) monga momwe injini inabwerera. Ubwino wake ndi woti makaniko aliyense wachikulire amawadziwa, ndipo mapointi akachita dzimbiri amangowapala, n'kuwasiyira mpata wa milimita 0.5, injini n'kuliranso. Chovuta n'chakuti pa injini zambiri mapointiwo ali kunsi kwa fulaiwilo, kotero kuti nthawi iliyonse pamafunika kuizula, ndipo amene alibe chozulira amaimenya ndi hamala mpaka kuiswa kapena kuononga shafiti. Kandodo kamene kamakankha mapointi nakonso kakatha, oilo amadutsa m'mbali mwake n'kukanyowetsa mapointi, ndiye vuto limabwerera pakangopita masabata ochepa. Ndikuona kuti njira imeneyi ndi yoyenera pa makina amene amatchetcha pakhomo pokha kamodzi pa mwezi, osati pa makina opezera ndalama.

Njira yachiwiri, imene ine ndimaikonda kuposa zonse, ndi kuchotsa koilo yakale n'kuikapo yokhala ndi kachipangizo kake kotsegula ndi kutseka moto mkati momwemo. Kampani ya Briggs inayamba kuika koilo yotere mu 1982 ndipo inaitcha Magnetron. Imamangidwa ndi mabawuti awiri okha, fulaiwilo osaizula, ndipo waya wopita ku mapointi amangodulidwa, mapointiwo n'kusiyidwa mommo. Chofunika kusamala ndi mpata wa pakati pa miyendo ya koilo ndi maginito, umene pa injini zambiri umakhala pafupifupi milimita 0.25 mpaka 0.35. Amene alibe choyezera amalowetsapo kapepala kolimba, n'kulola maginito kuti akoke koilo, kenako n'kumanga mabawuti ndi kusolola kapepalako. Popeza mulibe kanthu koyenda kapena kokhudzana, nkhungu ya m'mawa siisokoneza. Chenjezo ndi limodzi: mafulaiwilo ena akale kwambiri a chitsulo cholemera ali ndi maginito otembenuka, ndipo koilo yatsopano siingatulutse moto pa iwo, choncho nambala ya injini iyenera kupita nanu kogula.

Njira yachitatu ndi kabokosi kakang'ono, monga Nova II, kamene kamalowa m'malo mwa mapointi ndi kondensa koma koilo yakale n'kukhalabe. Anthu amakakonda chifukwa kamakwanira pa injini zamitundumitundu, ndipo n'zoona kuti kamapulumutsa injini imene koilo yake yatsopano sipezeka. Koma mphamvu ya moto imachokerabe ku koilo ya zaka makumi anayi, imene mwina yang'ambika kale ndipo imamwa chinyezi. Kabokosiko sikangachize zimenezo. Kamafunanso kumangidwa pa chitsulo chopalidwa bwino, kutali ndi kutentha kwa ekizozi. Ngati koilo yathunthu ilipo, sindiona chifukwa chogulira kabokosi. Ndiwonjezere kuti injini zina zakale za Kohler za gulu la K zimatenga moto ku batire, ndipo timabokosi topangidwira koilo ya maginito sitigwira ntchito pa izo.

Amene ali ndi Honda GX160, GX200 kapena injini za ku China zotengera kapangidwe kake alibe chosintha, chifukwa zinabwera kale ndi koilo yopanda mapointi. Kwa iwo funso ndi lakuti agule koilo yeniyeni kapena yotsika mtengo ya mtundu wa zija zimene zimalowa kuchokera ku Tanzania kudzera pa Songwe. Ndagwiritsapo ntchito zonse ziwiri. Yotsika mtengo imalira bwino ikakhala yatsopano, koma ina inandichita zozima injini ikatentha n'kudzaliranso itazizira, chimene ndi chizindikiro chodziwika cha koilo yofooka, ndipo kuyambira pamenepo ndimayenda ndi ina yapadera m'thumba la zipangizo. Musanagule iliyonse, yang'anani kaye pulagi, imene mpata wake uyenera kukhala milimita 0.7 mpaka 0.8, komanso kiyi wa fulaiwilo, kachitsulo kakang'ono kogwira fulaiwilo pamalo pake pa shafiti. Kiyi ameneyu pa makina ambiri okankha ndi wofewa mwadala, kuti mpeni ukagunda chitsa kapena mwala aduke iye m'malo mwa shafiti, ndipo akangosuntha pang'ono moto umafika pa nthawi yolakwika ngakhale koilo ili yabwinobwino.

Kumbali ya tchaji, nkhaniyi imakhudza makina okwera ndi ena oliza ndi sitata, ndipo apa maganizo anga ndi osiyana: sindifulumira kulangiza munthu kuti asinthe. Stator yosavuta imene ili pa makina ambiri imapereka pafupifupi maampu 3 kudzera pa daiodi imodzi (kachipangizo kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha), popanda regyuleta (chipangizo choyang'anira mphamvu ya magetsi opita ku batire), ndipo ina ili ndi waya wachiwiri wopatsa nyali magetsi osawongoledwa. Maampu 3 amakwanira kubwezeretsa zimene sitata yatenga, malinga ngati injini ikuthamanga mokwanira kwa ola limodzi kapena kuposa. Batire likamaphwa kawirikawiri pa makina otere, nthawi zambiri cholakwa ndi daiodi yopsa, mawaya adzimbiri kapena batire lenilenilo lotha.

Stator yaikulu yokhala ndi regyuleta, ya maampu 9 kapena 16 pa Briggs, kapena 10 ndi 18 pa Honda GX390, imayenera pokhapokha mwaonjezera katundu, monga kilatchi yamagetsi yoyendetsa mipeni, imene payokha imadya maampu 3 mpaka 5, kapena pampu yopopera mankhwala. Chimene ambiri sauzidwa n'chakuti mphamvu ya stator imadalira kukula ndi kuchuluka kwa maginito a mkati mwa fulaiwilo. Pa Briggs stator imodzi yomweyo imapereka maampu 5 ndi fulaiwilo ya maginito aang'ono, koma 9 ndi ya maginito aakulu, choncho wogula stator yokha akhoza kumanga zonse bwinobwino n'kupeza kuti wapindula pang'ono chabe. Kugula zitatu zonse, stator, regyuleta ndi fulaiwilo, kumatha kuyandikira mtengo wa injini ina yogwiritsidwapo ntchito. Regyuleta ya njinga yamoto imapezeka mosavuta m'tauni muno chifukwa cha kuchuluka kwa akabaza, ndipo ena amaiyesa, koma sinapangidwire stator imeneyi ndipo ine sindingaiike pa makina a munthu wina. Ndimakumbukirabe makina athu a pa tchalitchi amene wokonza wina, posokoneza mawaya poika regyuleta yotere, analumikiza mavolti 12 ku waya wozimitsira injini. Waya ameneyu ntchito yake ndi kugwetsera moto ku chitsulo basi, ndipo koilo yatsopano inapsa nthawi yomweyo.

Pali njira ina imene siikhudza injini n'komwe, ndipo kwa ambiri a ife ndiyo yanzeru: panelo ya sola ya mawati 10 mpaka 20 pa denga la mosungira makina, yodzera pa kontirola yake yaing'ono. Imapereka theka la ampu kufika pa ampu imodzi dzuwa likawala, zimene ndi zochepa, koma imagwira ntchito masiku onse amene makina angokhala, makamaka mu Juni ndi Julayi pamene udzu sukula ndipo mabatire ambiri amafera m'nyumba. Siingathandize makina a kilatchi yamagetsi amene akudya kuposa zimene stator ikupereka, koma kwa ongoliza sitata imakwana. Kuti mudziwe gulu lanu, ikani mita pa batire: lodzaza limasonyeza mavolti 12.6 injini ili chete, ndipo injini ikamathamanga, mipeni ndi nyali zili zoyatsa, nambalayo iyenera kukwera kupitirira 13. Ikamatsika m'malo mokwera, ndipo daiodi ndi mawaya mwaziyesa n'kupeza kuti zili bwino, apo ndiye mukafunse mtengo wa stator pamodzi ndi fulaiwilo yake.