Makalasi a statistics a pa WhatsApp: ndawapatsa nyenyezi 4 mwa 5

Ndimagwira ntchito yolemba ziwerengero pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, ndipo madzulo ndimachita diploma ya zaumoyo. Phunziro la statistics linandigwetsa pa mayeso apakati. Funso limene linandiwawa kwambiri linali losiyanitsa random variable (nambala imene simungaidziwiretu chifukwa imadalira mwayi) ya discrete ndi ya continuous pa zinthu 10 zimene anatindandalika, ndipo ndinakhoza 4 zokha. Mnzanga wa m'kalasi ndiye anandilozera kwa mayi wina amene amaphunzitsa phunziroli pa WhatsApp kwa masabata 6, malipiro kudzera pa foni. Ndamaliza nawo mwezi watha, ndiye ndati ndilembe zimene ndaona kuti amene akuganiza zolipira adziwe chimene akukagula.

Tsiku loyamba aphunzitsiwo sananditumizire formula ngakhale imodzi. Anangoti, "Achemwali, tandilemberani zonse zimene mumalemba m'kaundula wanu pa tsiku la sikelo." Ndinalemba: ana amene abwera, kulemera kwa mwana aliyense, muyezo wa mkono pa tepi ya MUAC, kutentha kwa thupi, ndi ana amene alandira katemera. Iwo anati ndiziike m'milu iwiri, zimene ndimachita kuwerenga chimodzichimodzi ndi zimene ndimachita kuyeza. Ana amabwera 37 kapena 38, pakati pake palibe kanthu. Imeneyo ndiyo discrete. Koma pakati pa makilogalamu 6.1 ndi 6.2 pali 6.15, pali 6.157, ndipo mungapitirize osafika pothera. Imeneyo ndiyo continuous.

Ndinawauza kuti sikelo yathu yopachika pamtengo, ija mwana amalendewerapo atavala kakabudula, imangoonetsa magalamu 100 aliwonse, ndiye 6.157 ndidzaiona liti? Yankho lawo ndi limene linanditsegula mutu. Anati muvi wa sikelo ndiwo umalumpha, thupi la mwana sililumpha. Mwana akamakula amadutsa pa kulemera kulikonse kwa pakati, kaya chipangizo chathu chikuona kaya ayi. Mawa lake ndinaima pamzere wa amayi ndikuyang'ana muviwo ukunjenjemera pakati pa timizere tiwiri, HSA wathu (mlangizi wa zaumoyo) n'kusankha kamzere kapafupi, ndipo ndinaona ndi maso zimene ankanenazo.

Chimene ndawapatsira nyenyezi zambiri ndi sabata yachiwiri, pamene anabwerera n'kugwedeza zonse zimene ndinkaganiza kuti ndagwira. Ine ndinali nditadzipangira kale lamulo lakuti nambala ikakhala ndi kadontho ndiye kuti ndi continuous, ndipo n'limene linandilakwitsa pa mayeso aja. Anandifunsa za saizi ya nsapato. Ilipo 6.5, ilipo 7, koma 6.73 simungaipeze m'sitolo iliyonse. Kadontho kalipo koma ndi discrete. Anabweretsa ndalama: kwacha ili ndi matambala 100, ndipo pansi pa tambala palibenso kanthu, ngakhale kuti akatswiri akamawerengetsa ndalama zambirimbiri amazitenga ngati continuous kuti ntchito iphweke. Kenako zaka za munthu. M'kaundula timalemba zaka zimene munthu wakwanitsa, 24 kapena 25, koma nthawi imene wakhala ndi moyo imayenda mosadukiza. Choncho funso limadalira mmene chinthucho achitchulira pa pepala, ndipo anandiphunzitsa kuwerenga mawu a funso kawiri ndisanayankhe. Anandionetsanso kuti discrete sikutanthauza kuti nambala zake zili ndi malire. Mukamaponya kobiri mpaka mutu utuluke, zingatheke kamodzi, kawiri, ka 15, popanda nambala yomaliza, koma zonsezo n'zowerengeka chimodzichimodzi.

Pa nkhani yakuti mwayi woti continuous variable igwere ndendende pa nambala imodzi ndi ziro, tinalimbana masiku awiri. Ndinakana. Ndinati thumba la chimanga la makilogalamu 50 ndaliona pa sikelo ndi maso angawa. Iwo sanandidule mawu. Anajambula chithunzi chooneka ngati phiri chotchedwa normal curve pa pepala, anathira mtundu kachigawo ka pakati pa 49.5 ndi 50.5, kenako anajambulanso kachigawo kocheperako, kenako kocheperakonso, mpaka panatsala kamzere kopanda m'lifupi. Mwayi ndi kukula kwa malo a pansi pa phirilo, ndipo kamzere kalibe malo. Sikelo ikati 50, ikunena kuti thumbalo lili penapake pafupi ndi 50. Ndiye chifukwa chake timafunsa za chigawo, monga ana obadwa osakwana makilogalamu 2.5, amene bungwe la WHO limawaika m'gulu la obadwa onyentchera, kapena MUAC yosakwana masentimita 11.5, pamene tepi imafiira. Apa panatulukanso kanthu kopatsa malikisi: pa continuous, "osakwana 2.5" ndi "2.5 kapena kucheperapo" zimapereka yankho limodzi, pomwe pa discrete "ana osakwana 3" ndi "ana 3 kapena kucheperapo" ndi mayankho awiri osiyana.

Za Poisson anaziyamba ndi nkhani. Masamuwa anatuluka mu 1837 kuchokera kwa Siméon Denis Poisson wa ku France, ndipo mu 1898 Ladislaus von Bortkiewicz anawayesa pa asilikali a ku Prussia amene anafa atamenyedwa ndi mahatchi, m'magulu 14 a nkhondo, kuyambira 1875 mpaka 1894. Masamuwa amagwira ntchito pa zinthu zochitika patalipatali, zowerengeka, m'nthawi yodziwika. Anandiuza kuti nditenge buku la ku matenite ndiwerenge amayi obereka usiku uliwonse kwa miyezi 3, popanda kulemba dzina la munthu, ndipo tinagwiritsa ntchito nambala zangazo m'malo mwa za m'buku. Ntchito imeneyo ndinaichita ndi mtima wonse chifukwa ndinkadziwa usiku uliwonse umene ndinkawerengawo.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa zenizeni. Mavidiyo awo ndi olemera kwambiri. Kwathu kuno netiweki imagwira bwino pachulu cha kuseri kwa chipatala basi, ndipo vidiyo imodzi inkandidyera bandulo ya sabata yonse. Ntchito ya sabata yachinayi anandibwezera patapita masiku 9, mayeso atayandikira, ndipo ndikuona kuti gulu linakula kuposa mmene munthu mmodzi angalikwanitsire. Choipa kwambiri n'chakuti nthawi imene anathera pa chiyambi inasowa kumapeto. Tebulo la z, lopezera kukula kwa malo a pansi pa normal curve, tinalidutsa tsiku limodzi. Anatiuza kuti pa normal curve pafupifupi 68 peresenti ya miyezo imagwera mkati mwa standard deviation imodzi (muyezo wa mmene nambala zamwazikira) kuchokera pa avereji ndipo pafupifupi 95 peresenti mkati mwa ziwiri, koma continuity correction, ija yowonjezera kapena kuchotsa 0.5 pamene ukugwiritsa ntchito normal, imene ndi continuous, m'malo mwa binomial, imene ndi discrete, anangoitchula mu voice note imodzi yaifupi. Komatu apo m'pamene discrete ndi continuous zimakumana, ndipo zinafunika phunziro lathunthu. Manotsi awo a PDF nawonso ali ndi zitsanzo za madola ndi masewera akunja, zosiyana ndi mmene iwo eni amaphunzitsira pakamwa.

Ngati maziko muli nawo kale ndipo mukungofuna mapepala akale a mayeso, makalasi awa akuchedwetsani. Ngati muli ngati mmene ndinalili ine, mukuloweza matanthauzo koma funso likasintha pang'ono mwasochera, lipirani. Pa mayeso omaliza funso lija linabweranso ndi zinthu zina 10, kuphatikizapo saizi ya nsapato, ndipo ndinakhoza zonse. Ndalembetsa kale gawo lachiwiri la hypothesis testing. Ndinawapempha kuti azinditumizira mawu ndi zithunzi za pepala m'malo mwa mavidiyo, ndiponso kuti tiyambe ndi continuity correction ija, ndipo avomera.