Azaumoyo oyeza BP ulere m'dera: pitani ndithu, koma nkhani ya mankhwala ikufunika kukonza

Anthu angapo akhala akundifunsa za pulogalamu ya azaumoyo amene amabwera m'dera kudzayeza BP ulere, kuti kodi ndi yothandizadi kapena ndi kungotaya nthawi pa mzere. Ine ndikuti pitani, tengani amayi anu, abambo anu, ngakhale inuyo amene mukuona ngati muli bwinobwino. Nyenyezi ndikuwapatsa 4 pa 5, imodziyo ndachotsa pa zifukwa zomwe ndinene.

Chimene chinandigwira mtima choyamba ndi kayezedwe kawo. Sathamangira kukumanga lamba pamkono ukangofika uli wefuwefu ayi, amakuuza ukhale kaye pansi mphindi 5, msana utatsamira, mapazi ali pansi osapingasa miyendo, mkono uli pa tebulo molingana ndi mtima, ndipo makina akayamba kupopa amati musayankhule kaye. Amafunsanso ngati wangosuta fodya kapena kumwa khofi posachedwa poti zimenezo zimakweza nambala. Ikafika 140 pa 90 kapena kupitirira samangolengeza kuti muli ndi BP basi, amayezanso kachiwiri kenako amakuuza ubwerenso tsiku lina, chifukwa matendawa satsimikiza ndi muyeso wa tsiku limodzi. Koma ikafika ma 180 uko, makamaka munthu akumva mutu kwambiri, kupweteka pamtima kapena maso kuchita chidima, amamutumiza kuchipatala tsiku lomwelo popanda kudikira.

Ndinaona amayi ena omwe anangobwera kuperekeza mnzawo, mwana ali kumbuyo, akukana kuyezedwa kuti iwo sakumva kupweteka paliponse. Wazaumoyo sanawakakamize, anangoti mayi, kuthamanga kwa magazi sikupweteka, ena amadziwira pamene agwa mbali imodzi yafa. Anakhala pa benchi, nambala inatuluka yokwera, anayezanso mkono winawo, yokwerabe. Amayiwo anangoti zii akuyang'ana makina aja, ndipo wazaumoyo anawalembera m'kabuku tsiku lobweranso nkuwafunsa nyumba yawo kuti akapanda kubwera awatsatire. Kutsatira kumeneku ndi komwe ndikuona kuti ndi mphamvu ya pulogalamuyi.

Amayi ngati amenewa alipo ochuluka zedi. Lipoti la 2023 la WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, linati akuluakulu pafupifupi 1.3 biliyoni padziko lonse ali ndi BP yokwera, pafupifupi theka sakudziwa nkomwe, ndipo 4 mwa 5 alionse sakulandira thandizo lokwanira. Tinazolowera kumanena kuti mtima ndi matenda a anthu olemera, onenepa, oyenda pa galimoto, koma mu 2019 matenda a mtima ndi mitsempha ya magazi anapha anthu pafupifupi 17.9 miliyoni ndipo oposa magawo atatu mwa anayi anali a m'mayiko osauka ndi opezako pang'ono. Wolemera amayezetsa, amagula mankhwala, wosauka amafika kuchipatala atanyamulidwa.

Malangizo awo nawonso ndi oti munthu wosowa akhoza kuwatsata, sakuuza za jimu kapena zakudya zodula. Amayamba ndi mchere, kuti munthu wamkulu usapitirire magalamu 5 pa tsiku, amachita kutulutsa kasupuni ka tiyi nkuonetsa kuti ndi aka basi, tsiku lonse, kuphatikiza wobisika mu zokometsera za m'mapaketi zija ndi wothira pa mbale usanalawe nkomwe. Anthu amang'ung'udza apa koma ndi chinthu chomwe sichifuna ndalama, ndipo pakamwa pamazolowera pakapita masabata angapo. Za kulimbitsa thupi amati mphindi 150 pa sabata, ndipo kuyenda ndawala kukuwerengedwa momwemo. Fodya, mowa, mafuta okazingira mobwerezabwereza mpaka kuda, utsi wophikira m'nyumba yopanda mawindo, zonsezi amazikamba mwachidule koma momveka.

Mbali ina yomwe ndikufuna makolo amve ndi ya ana. Mwana akamadwala zilonda zapakhosi ndi kutentha thupi timangoti zipola zokha, pomwe zina zimayamba ndi tizilombo tomwe tikapanda kuphedwa ndi penicillin timatha kubweretsa nyamakazi yowononga mavavu a mtima (timakomo tomwe timatsegula ndi kutseka njira ya magazi), mwana nkudzakula akubanika akangoyenda pang'ono. Zimenezi zimachuluka m'mabanja ogona mothithikana, ndiye ndi matenda a umphawi enieni. Azaumoyowa amazifotokoza bwino ndipo amati mwana wotero apite kuchipatala, osangomugulira panado.

Tsopano zomwe sizikuyenda. Chachikulu ndi mankhwala abale. Iwo sayenda nawo, amangokulembera kakalata kopita kuchipatala, ndiye munthu wodalira ganyu asiye ntchito ya tsiku limenelo, apeze ya thiransipoti, akhale pa mzere kuyambira m'mawa, akafika pawindo amve zoti mankhwala atha mukagule kufamase. Mwezi wotsatira munthu ameneyo sapitanso, ndipo sindingamuweruze. BP sichizika ngati malungo kuti umwa masiku atatu watha, mapilitsi ake ndi a tsiku ndi tsiku mwina moyo wonse, ukamwa mwezi uno nkudumpha mwezi wamawa ngozi ya sitiroko imabwerera pomwepo. Kupeza odwala ambiri koma osawapezera mankhwala kukungowonjezera nkhawa m'mabanja, ndipo zimandipweteka kwambiri poti mankhwala a BP ambiri ndi akalekale, otchipa, si ovuta kupanga.

Komanso safotokoza mokwanira zomwe mankhwala amachita m'thupi. Amlodipine ena amawatupitsa mapazi, enalapril ena amawayambitsa chifuwa chouma chosatha, hydrochlorothiazide amakodzetsa pafupipafupi. Munthu akapanda kuuzidwa amangosiya mwakachetechete poganiza kuti mapilitsi akumudwalitsa, pomwe akanangobwerera akanamusinthira mtundu wina.

Zina ndi zing'onozing'ono koma zoti zikhoza kukonzedwa mawa lomwe. Lamba ali ndi wa saizi imodzi yekha, pomwe lamba wamng'ono pa mkono waukulu amaonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni. Amayezanso shuga, koma timapepala toyezera timatha msanga ofika mochedwa osayezedwa. Nthawi zina amatchula nambala mokweza anthu onse akumva, zomwe achikulire ena sakondwa nazo. Ndipo amabwera mkati mwa sabata dzuwa lili pamutu, ndiye pa benchi pamadzaza azimayi ndi agogo okhaokha, azibambo ali kokasaka ndalama, chonsecho iwowo ndi amene ambiri amasuta ndi kumwa. Atamabwera Loweruka kapena madzulo, komanso atapatsidwa chilolezo chonyamula mankhwala a mwezi kapena miyezi itatu kwa odwala omwe BP yawo yakhazikika kale, nyenyezi yachisanu ija ndikhoza kuibweza.

Mukamapita valani malaya oti mkono utuluke mosavuta, pitani kaye kokodza musanayezedwe, ndipo tengani kabuku kanu ndi mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa, ngakhale ogula nokha ochepetsa ululu monga ibuprofen ndi diclofenac, chifukwa amenewo akamwedwa pafupipafupi amakweza BP ndipo azaumoyowo amafuna awaone.