Kaofesi kothandiza kugulitsa katundu kunja pa Mchinji boma

Ine ndimapanga chiponde cha mtedza wa mtundu wa CG7, ndipo msika wakunja anandipezera ndi anyamata a kaofesi kena pa boma pano. Ntchito amaidziwa. Tisanakambe n'komwe za mitengo, anandiuza kuti ndikayezetse chiponde ku Malawi Bureau of Standards, bungwe la boma loyeza ubwino wa katundu, poti wogula wakunja amayamba wafunsa za chuku. Mmodzi anatenga botolo langa n'kulitembenuza: "Mayi, tsiku lotha mphamvu lili pati? Nanga kulemera kwake?" Pepala lomata pabotolo analikonzanso lonse, kenako anandilumikizitsa ndi wogula wa ku Chipata, katundu n'kumadutsira pa boda ya Mwami.

Koma foni, abale inu, amayankha akafuna. Ndalama imene amalipiritsanso ndi yowawa kwa munthu wongoyamba kumene geni, ngakhale ine anandilola kupereka pang'onopang'ono.